Yemwe Anaba Nambala 212

"Akuti anali ataledzera," anatero mkazi wa mmisiri wa matabwa, ataima pakati pa bedi la chipatala ndi Sajeni ngati kuti wapolisiyo wabwera kudzadula dzanja lotsalalo. "Munthu woti ngakhale paukwati wathu anangomwa madzi. Mwini shopu wauza aliyense zimenezo, ndipo inu mwabwera kudzalemba zomwezo."

"Sindinalembe kanthu, mayi," anayankha Sajeni. "Ndiloleni ndimve kwa bambowa."

Mmisiriyo anagona chagada, dzanja lamanja litakulungidwa mabandeji mpaka m'chigongono. M'mabandejimo munatsala chala chachikulu chokha. Ankalankhula pang'onopang'ono, maso ali kudenga.

"Thabwa linakakamira m'makina ochekera. Ndinatsegula chivundikiro monga ndimachitira masiku onse. Ukatsegula, macheka amaima pomwepo, kenako kagetsi kamayaka kobiriwira kukuuza kuti lowetsa dzanja. Kanayaka kobiriwira, a Sajeni. Ndinakaona ndi maso angawa."

"Simunamve kuti macheka akuzungulirabe?"

"M'shopu muja makina amalira ambiri nthawi imodzi, ndipo timavala zotseka m'makutu. Timakhulupirira kagetsi."

"Dzanja limenelo ndiye linali khasu lathu," anatero mkaziyo mwaukali. "Mundiuze inu, ana ndiwauza kuti chiyani? Kuti bambo awo ndi chidakwa?"

Sajeni anali atafika kale kushopuko m'mawa. Anatsegula yekha chivundikirocho, kagetsi kanayaka kobiriwira, ndipo chidutswa cha thabwa chimene anaponyamo chinatuluka pawiri. Mwini shopu, thukuta lili kamukamu, analumbira kuti makinawo sanawakhudze munthu, kupatula kuti sabata yatha kampani imene inawapanga inatumiza pulogalamu yatsopano pa intaneti, makinawo n'kuilandira okha.

"Ana muwauze kuti bambo awo sanaledzere," anatero Sajeni akunyamula chipewa chake. "Makina ndi amene ananama. Ndikupita kukafunsa amene anawaphunzitsa bodza."

* * *

Kampaniyo inali pamwamba pa shopu ya matayala, ndipo fungo la mphira linkakwera nawe masitepe. Sajeni atafunsa amene amayang'anira pulogalamu ya m'makina, onse analoza chipinda chapakona. Mayi wa m'chipindamo anzawo ankawatchula kuti Mayi Ayi, chifukwa akuti mawu amenewo ndiwo ankatuluka msanga pakamwa pawo. Kampaniyo anaiyambitsa bambo awo, amene anali atangoikidwa m'manda mwezi womwewo, ndipo tsopano ankaiyendetsa mchimwene wawo wamng'ono, amene onse ankangoti Bwana.

Mayi Ayi anamvetsera nkhani ya dzanja ija osaphethira.

"Ayi, sizingatheke," anatero. "Chivundikiro chikatseguka, pulogalamu yachitetezo imauza kenelo kuti imitsa macheka."

"Kenelo ndiye ndani?"

"Ndi pulogalamu yaikulu imene imagwira chitsulo chenichenicho: injini, mabuleki, magetsi. Mapulogalamu ena onse saloledwa kukhudza zimenezo. Akafuna kanthu amapempha kenelo, ndipo sapempha ndi mawu, amangotchula nambala. Pempho lililonse lili ndi nambala yake. La buleki ya macheka ndi 212. Ndinaipereka ndine, ndipo palibe wina amene amapereka manambala pano."

"Nanga nambala ikasintha?"

"Siisintha. Ikangotuluka pakhomo pano yapita. Ngakhale pempho lake litatha ntchito, nambalayo timaisiya chomwecho ngati manda, sitiikamonso wina. Makina akale pulogalamu yawo yachitetezo ndi yokhomeredwa mkati, siilandira zatsopano. Idzatchula 212 mpaka makinawo adzachite dzimbiri. Bwerani muone nokha."

Anatembenuza kompyuta, natsitsa mndandanda wa manambala. Chala chawo chinaima pa 212, ndipo sichinasunthenso. Sajeni anayandikira.

"Pali chiyani, mayi?"

"Buleki palibe." Mawu anatuluka otsika kwambiri. "Apa alembapo pempho loyeza kutentha kwa injini. Buleki aikankhira kumapeto, pa 247."

"Tanthauzo lake?"

"Tanthauzo lake n'lakuti bambo aja atatsegula chivundikiro, pulogalamu yachitetezo inatchula 212. Kenelo inayeza kutentha kwa injini, n'kuyankha kuti zatheka. Pulogalamu itamva kuti zatheka, inayatsa kobiriwira." Anamenya tebulo ndi chikhatho mpaka kapu inagwa. "Galu uti wachita zimenezi? Galu uti?"

"Kompyuta singatiuze?"

Mayi Ayi anadina kangapo, kenako anabwerera m'mbuyo ndi mpando womwe.

"Ikuti ndine."

Anatulutsa mtolo wa makiyi m'chikwama n'kuuponya patebulo. Pakati pa kiyi wa galimoto ndi makiyi a kunyumba panali kachitsulo kakang'ono kakuda. Anafotokoza kuti mndandandawo sungasinthe popanda kulowetsa kakiyi kameneko m'kompyuta ndi kulemba nambala yachinsinsi, ndipo kakiyiko n'kamodzi kokha.

"Ndiye mwasaina nokha," anatero Sajeni.

"Taonani tsikulo. Limenelo ndi tsiku limene tinkaika bambo anga. Ofesi inali yotseka, tonse tinali kumanda. Kodi ndinasiya bokosi la bambo anga n'kubwera kudzaphwanya lamulo limene ndalisunga moyo wanga wonse?"

"Makiyiwa munali nawo?"

"Sachoka m'chikwama changa. Pitani mukafunse Kabudula, wolemba mapulogalamu muno. Pempho loyeza kutenthalo ndi lake, ndipo wakhala akulirira nambala imeneyi ngati mwana wolirira bere."

* * *

Sajeni anamupeza Kabudula m'kakhitchini ka ofesi akutsuka kapu. Dzinalo silinafune kufotokoza: kunja kunkazizira, koma mawondo ake anali pamtetete. Atamva zimene Mayi Ayi ananena, anatseka mpopi mwaukali.

"Ndinadziwa. Chikangowonongeka chinthu muno, Kabudula. Shuga akatha, Kabudula. Tsopano dzanja la munthu, Kabudulanso."

"Munakangana nawo za nambala imeneyi kapena ayi?"

"Tinakangana, inde, ofesi yonse inamva. Koma mumve mmene zinayambira. Kuli fakitale yaikulu ya mipando imene imagula makina athu ambiri. Bwana anandiuza kuti ndiwapangire kenelo yawoyawo, yapambali, mwachangu. Nthawi imeneyo mndandanda unkathera pa 211, ndiye ine ndinangotenga yotsatira. Ndinkati ndabwereka chabe, tidzakonza. Mayi aja, osadziwa, anapereka 212 yomweyo kwa buleki m'kenelo ya makina ena onse."

"Simunawapemphe?"

"Mukanakhala inu mukanawapempha? Yankho lake mukulidziwa kale." Anapukuta manja pamalaya. "Chabwino, pamenepo ndinalakwa. Koma chaka chino Bwana anati kusamala makenelo awiri kukutidyera nthawi, tiphatikize ikhale imodzi. Apo ndiye panavuta: nambala imodzi, eni ake awiri. Mayi aja anati buleki inatuluka kudzera pakhomo, yanga inatulukira pawindo, ndiye yanga ipite kumapeto, fakitale ikonzenso mapulogalamu ake onse. Fakitale inati ikaimitsa ntchito chifukwa cha ife, ikagula makina kwina."

"Ndiye munakonza nokha mwakachetechete."

"Ndi chiyani? Ndi supuni iyi? Kakiyi ndilibe. Ndipo ngakhale ndikanakaba, pali kompyuta yoyesera imene imakana chilichonse chosintha nambala yakale. Imakhala m'chipinda chokhoma, makiyi ake ali ndi anthu awiri okha, mayi aja ndi Bwana. Titabwerako kumaliro tinaipeza itazulidwa kumagetsi. Bwana anati mwina ndi okolopa. Okolopa alowa bwanji m'chipinda chokhoma? Ine ndinangoti pakamwa tseke, ndisadzatchedwenso wamwano."

"Tsiku la malirolo munali kuti?"

"Kumanda, padzuwa, ndikunyamula mipando. Funsani aliyense, anthu anandiona chifukwa tsiku limenelo ndinavala thalauza. Khosi linauma gwa kudikira madzi amene Bwana anapita kukagula. Sitolo ili pafupi pomwepo, koma munthu anapita ngati wakakumba chitsime."

Sajeni anasiya kulemba.

"Anapita pa galimoto iti?"

"Yawo inali itatsekeredwa ndi magalimoto ena. Anatenga ya achemwali awo."

* * *

Mwini shopu ya matayala anali atagwada pambali pa gudumu, akufunafuna msomali ndi madzi a sopo. Sanadzuke.

"Apolisi mukabwera kuno ndimayamba ndayang'ana matayala anu," anatero. "Akutsogolo atha, a Sajeni. Tsiku lina mudzadzimanga nokha."

"Tsiku la maliro a mkulu wa pamwambapa munatsegula?"

"Ndinatsegula. Ndinakapepesa dzulo lake. Matayala saphulika mofunsa kuti kuli maliro."

"Panabwera munthu aliyense kuofesiko?"

"Galimoto ya mayi aja inabwera chakumasana. Ndimaidziwa bwino, tayala lakumbuyo ndinamata ndine. Ndinasamba m'manja msangamsanga kuti ndikawapepesenso, koma wotsikamo anali mchimwene wawo, ali m'suti yakuda. Ndinati pepani bwana, iwo anangokweza dzanja n'kukwera masitepe awiriawiri. Ndinati mwina aiwala nkhata ya maluwa."

"Anatsika ndi nkhata?"

Bamboyo anadzutsa mutu koyamba.

"Anatsika chimanjamanja. Ndipo anakhalitsa. Ndinamata matayala a lole yonse asanatsike."

* * *

Ofesi ya Bwana inali ndi kapeti ndi chithunzi chachikulu cha malemu bambo ake kukhoma. Iye anaimirira, napereka moni wa manja awiri, nalamula kuti abweretse tiyi. Ankalankhula mofewa ngati wogulitsa inshuwalansi.

"Nkhani imeneyi yatikhudza kwambiri, a Sajeni. Kampani ithandiza banjalo, zimenezo musakayike. Koma zinthu zamakinazi nthawi zina zimangochitika, ndipo sindikuona kuti ndi nkhani ya apolisi."

"Tsiku la maliro munali kuti?"

"Funso lanji limenelo? Ndinali kuika bambo anga. Anthu mazana anandiona."

"Tsiku lonse?"

"Tsiku lonse."

Sajeni anatsegula chitseko n'kuitana Mayi Ayi. Analowa atanyamula mtolo wa makiyi uja m'manja, nakana mpando.

"Mayi, munandiuza kuti makiyiwa sachoka m'chikwama chanu. Ganizaninso. Madzi akumwa kumanda anabwera pa galimoto ya ndani?"

Mayi Ayi anatambasula dzanja. Anayang'ana makiyi, kenako anayang'ana mchimwene wawo, ndipo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Unabwera kudzandinong'oneza kuti anthu akomoka ndi ludzu," anatero. "Ndinakupatsa mtolo wonse osayang'ana n'komwe."

"Achemwali, pamsewu panali magalimoto ambiri, ndinakuuzani."

"Wa matayala pansipa anakuonani mukukwera masitepe," anatero Sajeni. "Akuti munakhalitsa. Chipinda cha kompyuta yoyesera makiyi ake muli nawo ndinu awiri. Chimene sindikudziwa n'chimodzi: nambala yachinsinsi ya kakiyika munaitenga kuti?"

"Anandiikira ndi iyeyu, tsiku limene anakagula," anayankha Mayi Ayi, maso osachoka pa mchimwene wawo. "Sindinaisinthe. Ndinkati ndibisire ndani, mwana wa mayi anga?"

Tiyi anafika, koma wobweretsayo ataona nkhope za anthuwo anabwerera naye. Bwana anakhala pansi, namasula tayi.

"Inu simudziwa mmene kampani imayendera," anatero, ndipo kufewa kuja kunali kutatha. "Mumangokhala pakona paja n'kumati ayi, ayi, ayi. Amene amapita kukagwada kufakitale ndine. Akanachoka aja, mwezi wamawa ndikanatseka, ndipo anthu onse ali panjawa akanapita kwawo. Kampani ya bambo ikanafera m'manja mwanga chifukwa cha nambala. Nambala, achemwali. Ndinakupemphani kangati?"

"Ndipo ndinakuyankha kangati?"

"Sindinachite mwaumbuli. Nditasuntha buleki, ndinakonzanso pulogalamu yachitetezo kuti izitchula 247. Ndinayesa pa makina a m'chipinda chathu, macheka anaima bwinobwino."

"Makina a m'chipinda chathu ndi atsopano. Akale pulogalamu yawo ndi yokhomeredwa, ndipo iwe ukudziwa, chifukwa ndinakuuza pamsonkhano, bambo ali moyo, atakhala pampando umene wakhalapowo. Unandiyankha kuti chiyani? Nena, a Sajeni amve."

Bwana anatembenukira ku chithunzi cha bambo ake.

"Unati a makina akale ndi timashopu ting'onoting'ono tosagula kanthu. Unatero iwe." Mawu a Mayi Ayi anayamba kukwera. "Tinakudikira kumanda. Bokosi lili pamwamba pa dzenje, abusa akubwereza nyimbo yomweyomweyo, azakhali akufunsa kuti mwana wamwamuna ali kuti. Ine ndinkakuikira kumbuyo, ndinkati mtima wamupweteka, musiyeni alire payekha. Pamene iwe uli muno, ukusaina dzina langa."

"Ndinkati ndidzakuuzani zinthu zikakhazikika."

"Unasankha dzina langa kuti zikavuta amangidwe ndani?"

"Sindinaganize kuti munthu angavulale."

"Sindinakufunse zimenezo."

Sajeni anali atakhala m'zipinda zambiri zotere, koma anamva magazi akumuwira. Anakumbukira mmene munthuyu anamulandirira ndi tiyi, akudziwa zonse.

"Bwana," anatero, "dzulo mwini shopu anakuimbirani kukuuzani za ngoziyi. Anandionetsa pafoni yake. Kuyambira dzulo mpaka pano mwachitapo chiyani?"

"Ndimafuna ndiyambe ndaonana ndi loya."

"Loya." Sajeni anatseka kabuku kake. "Imirirani. Mukamuonera kupolisi. Mlandu woyamba ndi wosaina m'dzina la munthu wina, wachiwiri ndi wa dzanja lija, ndipo woweruza akawerenga mmene mwakhalira chete kuyambira dzulo."

"Achemwali," anatero Bwana, mawu atasanduka a kamwana. "Lankhulani nawo. Ndi nkhani ya m'banja iyi."

Mayi Ayi anamufulatira. Nkhope yawo inali itasintha, ndipo ankayang'ana Sajeni.

"Kuyambira dzulo," anabwereza. "A Sajeni, pulogalamu ija sinapite kushopu imodzi. Makina onse akale anailandira."

"Alipo angati?"

"Ambiri. M'mashopu, m'masukulu a ntchito zamanja. Ena amagwiritsa ntchito ana ophunzira."

"Simungaibweze pa intaneti pomwepo?"

"Ndingakonze lero, koma makina amalandira zatsopano akazimitsidwa n'kuyatsidwanso, ndipo ena amayaka mpaka madzulo. Tiyenera kuwaimbira mmodzimmodzi."

Anatuluka mothamanga, nakuwa pakati pa ofesi kuti aliyense asiye zimene akuchita atenge foni. Kabudula anali woyamba kufika, akugawa manambala a makasitomala patebulo lililonse. Sajeni anatulutsa Bwana atamugwira pamkono, ndipo antchito ake sanadzutse mitu, aliyense foni ili kukhutu.

Pakhomo Sajeni anaima pang'ono. Mayi Ayi anali ataimba sukulu ina ya ntchito zamanja, foni ataikweza mawu kuti manja alembe. Inaitana nthawi yaitali. Wina atayankha, mawu ake sankamveka bwino, chifukwa kumbuyo kwake macheka ankalira mokweza, ndipo pankamvekanso kuseka kwa achinyamata.

"Zimitsani makina ochekera," anatero Mayi Ayi. "Musatsegule chivundikiro. Zulani kukhoma."

"Mwati chiyani, mayi? Dikirani pang'ono, thabwa lakakamira, mwana wina akuti alichotse."

"Muletseni," anakuwa Mayi Ayi, ataimirira. "Mugwireni dzanja. Zulani kukhoma, bambo, panopa."

Panamveka foni ikugwera pa chinthu cholimba, mapazi akuthamanga, munthu akukuwa dzina la wina. Onse mu ofesi anatembenukira ku foniyo. Kenako kulira kwa macheka kunayamba kutsika, kutsika, mpaka kunatheratu.

Bambo uja anabwerera pafoni akupuma mwabefu.

"Tazula. Mwanayo ali bwino, anali atangotsegula kumene. Kodi chavuta n'chiyani?"

Mayi Ayi anakhala pansi mwadzidzidzi.

"Musayatse mpaka ndikuimbireninso ineyo," anatero. Anadula foni, napukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kuyang'ana Kabudula. "Ndipatse yotsatira."